Zimene Ndinalemba za Manja a Mayi Hilda

Ndinayamba kulemba dayale ndili Fomu 1, aphunzitsi athu atanena kuti munthu wolemba tsiku ndi tsiku saiwala kanthu. Ndinawakhulupirira. Tsiku lonyamuka kupita ku Mangalande ndinalongedza makope atatu atsopano pansi pa zovala, amayi n'kumandiseka kuti kodi kumene ndikupitako kulibe mapepala. Makopewo ndili nawo pano, odzaza mpaka pachikuto. Anthu kuno ku Dedza akandifunsa za kunja amafuna kumva za sinowo ndi masitima. Ine ndikatsegula makope anga ndimapezamo manja.

Ndinkasamalira okalamba m'nyumba zawo, m'tauni ya Rotherham. Ntchitoyo anandipezera ndi anti aNachisale, anzawo a amayi a kumpingo, omwe anali nesi kumeneko kwa zaka zambiri. Ndinkagona m'kachipinda kawo kam'mwamba. Kampani inandipatsa yunifolomu, magolovesi ndi ndandanda wa nyumba zisanu ndi zinayi zoti ndizizungulira, zina pabasi, zina wapansi.

Nyumba zake zinali za njerwa zofiira, zogundizana msewu wonse ngati zinamangidwa tsiku limodzi. Pambali pa zitseko zina panali kabokosi kakuda kachitsulo ka manambala, kosungiramo kiyi. Ukadina manambala olondola kamatseguka, iwe n'kulowa osagogoda. Posakhalitsa ndinadziwa kuti khomo la kabokosi ndi khomo la munthu amene sangathenso kudzitsegulira msanga. Ndinkayenda m'misewu imeneyo m'mawa, mopanda mwana, mopanda nkhuku, mopanda wosesa panja, ndikuwerenga timabokosi. Makatani ankasuntha pang'ono ndikamadutsa, koma nkhope sindinkaiona.

Sabata yoyamba ndinazindikira kanthu kena. M'nyumba zinayi mwa zisanu ndi zinayi zija, eni ake anali ndi manja ofanana. Mfundo za zala zinali zotupa, ndipo zala zonse zinapendekera kunja, mbali ya chala chaching'ono, ngati chimanga chimene chagonekedwa ndi mphepo. Atatu anali amayi, mmodzi bambo. Sanali pachibale, sankadziwana n'komwe. Ndinkachoka m'nyumba ina n'kukalowa ina, n'kupeza manja omwe ndawasiya aja andidikira pamiyendo ya munthu wina. M'kope langa ndinalemba kuti: kodi tauni ino inalakwa chiyani? Kwathu nyumba zinayi zitapunduka mofanana chonchi, anthu sangagone osafunsa. Ndinayamba kuvala magolovesi awiriawiri, ndipo pabasi ndinkayang'ana zala zanga ngati zikadali zowongoka.

Anti atamva anaseka mpaka kuika supuni pansi. Anandiuza kuti matendawa sapatsirana ndipo sabwera ndi kuzizira. Anati nyamakazi ili mitundu yambiri. Ina ndi yongotha kwa mafupa chifukwa cha ukalamba, ndipo imeneyo ili pafupifupi khomo lililonse. Koma imene ndinaionayi ndi ina, thupi limatembenukira mwini wake n'kumadya mfundo zake zomwe, ndipo imakonda kugwira akazi. Anati kuno imaoneka yochuluka chifukwa anthu amakhala zaka zambiri, amayezedwa magazi, matendawo n'kupatsidwa dzina. Komanso ineyo ndinkalowa m'makomo a odwala okhaokha. Okalamba amenewa anayamba kudwala mankhwala amphamvu asanafale, n'chifukwa chake zala zinapindika chotero.

"Ukuganiza kuti kumudzi kulibe?" anandifunsa. "Iliko. Timangoti agogo ali ndi nyamakazi, basi, n'kuwapatsa panado. Amawerenga ndani?"

Ananena zoona. Nditabwerera kuno ndawaona manja amenewa pamsika wathu, pa amayi awiri ogulitsa mbatata amene ndinkawadutsa kuyambira ndili mwana.

Mwa anayi aja, amene ndinawazolowera kwambiri anali Mayi Hilda. Anali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, ochepa thupi, a maso akuthwa. Kale ankasoka m'fakitale ya zovala mpaka manja anawakanika. Amuna awo, a Walter, ankagwira ntchito kosungunula zitsulo, ndipo anali atamwalira kalekale. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Colin, ankakhala ku Newcastle, ndipo ankafuna kuti mayi ake asamukire kunyumba yosungirako okalamba ya kufupi ndi iye. Anthu a kukhonsolo, omwe amalipira ndi kuyang'anira chisamaliro chotere, anagamula kuti akhale kaye pakhomo pawo miyezi isanu ndi umodzi, kenako adzaonanso ngati angathe kukhala okha. Zonsezi anandiuza okha tsiku loyamba, ndisanavule n'komwe jekete.

Anandiuzanso chifukwa chimene sankafunira kuchoka. Anati Walter amabwera folo koloko.

Ndinayang'ana pansi, poganiza kuti mutu wayamba kusokonekera. Iwo anaona. Anandiuza tsiku, mwezi ndi mtengo wa mkaka, n'kunena kuti akudziwa bwino kuti mwamuna wawo anafa, poti anamuika okha m'manda. Koma folo koloko iliyonse amabwera n'kukhala pampando wa pafupi ndi zenera, monga ankachitira akaweruka. "Sanaphunzirepo njira ina, love," anatero. "Kuchokera kuntchito kufika pano, basi. Ndikachoka adzapeza m'nyumba mopanda munthu."

Ndinkapitako kawiri patsiku, m'mawa ndi cha m'ma hafu pasiti filii. Nyumbayo inali ndi zida zawo. Panali kachitsulo kokowera mabatani, masupuni a zogwirira zonenepa, ndi ketulo yokhala pachoikapo chopendekeka, yoti umangoikankha pang'ono madzi n'kutsika osainyamula. Ndi zimenezi ankadziveka, kudya ndi kupanga tiyi okha, ngakhale mochedwa. Ine ndinayenera kukhalapo, kuwakumbutsa mankhwala ndi kugwira pokhapo pamene alephera.

M'mawa woyamba ndinawapeza akulimbana ndi batani la juzi. Ankakowa, kachitsulo n'kupulumuka, n'kuyambiranso. Ndinaima pakhomo la chipinda manja ali lende, thupi langa lonse likundiyabwa. Kwathu mwana woima n'kumaonerera wamkulu akuvutika amafunsidwa kuti analeredwa ndi ndani. Ndinagwada n'kumanga mabatani onse.

"Siya, ndimatha ndekha," anatero.

Ndinamwetulira n'kupitiriza. Wamkulu amayamba wakana, ndi ulemu wake umenewo, ndipo wamng'ono amaumirira. Agogo anga aamuna ankakana madzi osamba katatu asanawalandire. Mayi Hilda anakana tsiku limenelo, anakana mawa lake, anakana sabata yonse, ine ndikuumirira mwaulemu wonse umene ndinaphunzitsidwa. Madzulo ndinkalemba m'kope kuti tikugwirizana kwambiri. Patapita masabata angapo analeka kukana. Ndikalowa ankangotambasula mikono. Kachitsulo ka mabatani ndinakaponya m'dirowa pokonza m'chipinda. Choikapo ketulo chija ndinachikweza pamwamba pa kabati, poti chinkadya malo ndipo tiyi ndinali kupanga ndine.

Pamwamba pa filiji panali fayilo ya buluu imene wosamalira aliyense amalembamo zimene wachita. Anzanga amene ankabwera masiku anga opuma ankalemba mizere iwiri. Ine ndinkadzaza tsamba. Ndinkalemba mmene anakwinyira nkhope pokweza mkono, mmene supuni inagwera, mphindi zimene zala zinatenga kuti zifewe. Ndipo tsiku lililonse ndinkamaliza chimodzimodzi: ndawasambitsa, ndawaveka, ndawadyetsa, ndawapangira tiyi. Panali masiku ena amene ndinkawapeza atadzuka kale, atavala diresi lopanda mabatani, atadya phala lawo la m'paketi. Masiku amenewonso ndinkalemba mawu omwewo. Sindinkaona ngati ndi bodza. Kulemba kuti mayi wa zaka zimenezo wadzichitira zonse ine ndilipo kunali kudzinenera ulesi, komanso kuwaika iwo pambalambanda ngati munthu wopanda womuyang'anira. Abwana anga anandiyamikira pamaso pa anzanga kuti ndimalemba bwino. Ndinalemba zimenezonso m'kope, n'kudula mzere kunsi kwake.

Folo koloko ikakwana ndinkaika makapu awiri patebulo n'kupita kukhitchini kukatsuka mbale. Nyengo yozizira nthawi imeneyo kunja kumakhala kukuda kale. Ndinkawamva akulankhula za mvula, za mphaka wa aneba, za Colin. Amalankhula, n'kukhala chete kwa nthawi yokwanira yankho la munthu, kenako n'kuseka kapena kutsutsa. Mawu achiwiri sindinawamvepo. Koma chete wakeyo sanali wofanana nthawi zonse. Wina anali wamfupi ngati wa eya, wina wautali ngati wa munthu amene akufotokoza nkhani. Tsiku lina ndinadzipeza nditatseka mpopi kuti ndisawasokoneze.

Kulowa m'chipinda osapereka moni kunkandivuta. Choncho ndikabwera kudzatenga makapu ndinayamba kupinda maondo pang'ono kumpando uja n'kunena chapansipansi kuti mwaswera bwanji a Walter. Mayi Hilda anakondwa nazo. Anati Walter wandikonda, kungoti tiyi wanga akuti si tiyi, ndi shuga wothira madzi. Kapu yachiwiriyo ndinkaipeza yodzaza ndi yozizira nthawi zonse, ndipo zimenezo zinkandikhazika mtima pansi. Khushoni ya pampandopo ndi imene sindinkaikonda. M'mawa ndinkaiwongola, madzulo ndinkaipeza yolowa pakati. Ndinkadziuza kuti ndi yakale.

Madzulo ena, ndikutola makapu, Mayi Hilda anandigwira pamkono ndi kuseri kwa dzanja, poti zala sizinkagwira.

"Walter akuti ukundichitira zambiri," anatero.

Ndinathokoza. Ndinawauza kuti ndi ntchito yanga ndipo ndimaikonda. Anandiyang'ana kwakanthawi, kenako anayang'ana kumpando kuja, n'kuchotsa dzanja.

Mnzanga wina wa ku Chipata, Misozi, yemwe tinkakumana pamalo okwerera basi n'kugawana mandasi a anti, nditamuuza za khushoni ija anandiseka kuti ndasiya mizimu ya kwathu n'kudzagwira ganyu kwa mizimu ya azungu. Koma nditamuuza za fayilo sanaseke. Anandifunsa ngati ndikudziwa amene amawerenga mapepala amenewo. Ndinati abwana. Anangopukusa mutu, basi yake n'kufika.

Miyezi isanu ndi umodzi inakwana m'nyengo ya mvula yowaza yosaleka. Abwana anandiuza kuti ndidzakhalepo tsiku loona ngati Mayi Hilda angathe kukhalabe okha. Colin anabwera pagalimoto, munthu wamkulu kale wa imvi, wooneka kuti sagona mokwanira. Sanali woipa. Ankaopa kulandira foni yoti mayi ake apezeka pansi atagona pamenepo tsiku lonse. Kunabweranso mayi wa kukhonsolo, waulemu, wolankhula pang'onopang'ono. M'manja mwake munali mapepala a m'fayilo ija, ndipo m'mphepete mwake anali atamatamo timapepala tachikasu tambirimbiri.

Anayamba ndi kundiyamikira. Anati sakumana kawirikawiri ndi zolemba zomveka chotero. Kenako anayamba kuwerenga mokweza. Ndinamva mawu anga akutuluka m'kamwa mwa munthu wina, tsiku ndi tsiku, ndawasambitsa, ndawaveka, ndawadyetsa. Anati malinga ndi zolembazi, kwa miyezi isanu Mayi Hilda sanadzichitire okha kanthu ngakhale kamodzi, ndipo munthu wotero sangatsale yekha maola onse amene wosamalira palibe.

Mayi Hilda anati zimenezo si zoona, amatha. Mayi uja anawapempha mofatsa kuti amuonetse, apange tiyi.

Tinapita tonse kukhitchini. Mayi Hilda anayang'ana pamene choikapo ketulo chinkakhala, panalibe. Ndinakwera pampando n'kuchitsitsa, chili ndi fumbi, aliyense akuona. Ndinachipukuta, n'kuikapo ketulo, n'kubwerera kukhoma. Tsiku limenelo manja anali otupa kuposa masiku onse. Anatenga nthawi kuti atsegule chitini cha tiyi, koma chinatseguka. Anakankha kapu ndi zikhatho zonse ziwiri mpaka inafika pansi pa mlomo wa ketulo. Madzi atawira anaika dzanja pachogwirira n'kuyamba kukankha. Kale ankadziwa mlingo wake osayang'ana. Tsopano ketulo inapendekeka mofulumira, madzi ena n'kugwera pambali pa kapu.

Anali madzi ochepa, ndipo sanawapse. Mwina akanabweza n'kuyambiranso. Sindidzadziwa, chifukwa pamene ndimazindikira n'kuti nditadumpha kale, ketulo ili m'manja mwanga, ndikuwathirira. Mayi wa kukhonsolo analemba kanthu papepala lake.

Titabwerera pabalaza ndinapempha kulankhula. Ndinati zolembazo sizinanene zonse, masiku ena ndinkawapeza atavala kale. Mayi uja anaika cholembera pansi. Anandifunsa kuti ndi masiku ati. Anati ndiganize bwino, chifukwa ngati ndikunena kuti ndinalemba ntchito imene sindinagwire, iye ayenera kukadziwitsa kampani yanga, ndipo nkhani yotero ndi yaikulu. Sanandiopseze, anangonena mmene zilili. Chilolezo changa chokhalira m'dzikomo chinali chomangirira pa kampani imeneyo. Wotchi ya pakhoma inkamveka kwambiri. Kunali kutatsala mphindi khumi kuti folo ikwane.

"Zimene ndinalemba ndi zoona," ndinatero.

Mayi Hilda sanandiyang'ane. Anapempha Colin kuti achoke pampando wa pazenera akhale pena.

Usiku umenewo nditafika kunyumba, anti anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Anati matendawo akanapitirira ndithu, ine kaya ndinalipo kaya panalibe, ndipo mwina chaka chamawa Mayi Hilda akanachokabe. Koma sananene kuti sindinalakwe. Anati naonso zinawatengera zaka kuphunzira kupinda manja kumbuyo wodwala akamavutika ndi supuni, ndipo mpaka pano mtima umawawawa akamatero. Ndinafunsa ngati ndingathe kukabweza mawu anga. Anandifunsa ngati ndingathedi.

Mayi Hilda anasamuka mwezi usanathe. Dzina lawo linachotsedwa pandandanda wanga, n'kulowapo la bambo wina wa msewu wapafupi, wa manja omwewo.

Patapita masabata atatu ndinakwera sitima kupita ku Newcastle tsiku langa lopuma. Nyumba yosungirako okalambayo inali yaukhondo, yofunda, ya antchito okoma mtima. Anandilowetsa m'chipinda chachikulu mmene mipando inandandalikidwa m'mbali mwa makoma, TV ikulankhula yokha. Pamipandopo panali anthu ngati khumi ndi asanu, manja ali pamiyendo. Sindinafune kuwerenga, koma maso anawerenga okha. Mayi Hilda anali pakona, atavala juzi losakhala lawo, lomangidwa bwino mpaka m'khosi.

Ndinali nditakonza mawu opepesa m'sitima monse. Sanandipatse mpata. Anati ndikhale pafupi, nditulutse kope langa lija, akudziwa kuti ndili nalo m'chikwama.

"Sanabwere," anatero. "Masabata atatu. Colin akuti ndisiye zopusa. Atsikana a pano akuti mankhwala ndi amene akundisokoneza. Iwe unkamupatsa moni. Pita ukamuuze."

Anayamba kunena njira, ine ndikulemba. Basi yoyambira pakona pa msewu wawo, siteshoni yotsikira, posinthira sitima, kenako kasitima ka m'tauni ndi dzina la poimira pake. Akatuluka akhotere kumanzere, adutse tchalitchi, geti lobiriwira. Anati ndimuuze kuti asavutike ndi belu la kutsogolo, anthu ake amachedwa. Chipinda chawo ndi chachitatu kuchokera kumapeto, ndipo mpando wachiwiri ulimo, anakangana ndi antchito mpaka anausiya. Anandiuza kuti ndiwerenge zonse kuti amve ngati ndalemba molondola. Ndinawerenga. Anakonza malo amodzi.

"Ulendo uno ulembe zimene ndanena zokha," anatero, n'kutseka maso.

Lachinayi lotsatira, pakati pa nyumba yachisanu ndi chiwiri ndi yachisanu ndi chitatu, ndinali ndi theka la ola. Ndinayenda wapansi kukafika pamsewu wawo. Panja panali chikwangwani chogulitsa nyumba. Kabokosi ka kiyi anali atakazula, patsala timabowo tinayi panjerwa. Makatani analibe. Pazenera ndinaona pabalaza popanda kanthu, kupatula madindo a miyendo ya mipando pakapeti. Colin anali atandiuza kuti magetsi ndi gasi anatseketsa tsiku losamuka.

Pachitseko cha kumeneko pamakhala kampata kolowetsera makalata, kotsekedwa ndi kachitsulo. Folo itakwana ndinagwada pasitepe yonyowa, n'kukweza kachitsuloko ndi chala. Mpweya umene unandiwomba kumaso unali wofunda.

Ndinapereka moni. Ndinanena kuti ndine ndani ndi amene wandituma. Kenako ndinatsegula kope n'kuwerenga njira yonse m'Chingerezi, pang'onopang'ono, kawiri, osawonjezera kapena kuchotsa liwu. Nditamaliza ndinalankhula zanga m'Chichewa. Ndinati a Walter, munandichenjeza ine osamva, ndipo tsiku lija munalipo, munaona zimene ndinayankha. Sindinapemphe kuti andikhululukire. Ndinangoti mayi akudikira.

M'katimo munali zii kwa nthawi yaitali, yotalika ngati ya munthu amene akuganiza. Kenako thabwa la pansi linalira kamodzi chapakati pa nyumba, n'kuliranso pafupi ndi chitseko.

Ndinatsitsa kachitsulo kaja mosamala. Ndinaimirira, n'kupatuka pakhomo monga timachitira wamkulu akamatuluka, n'kupinda manja kumbuyo. Foni ya kampani inalira m'thumba kundikumbutsa kuti ndachedwa kunyumba yotsatira. Ndinaisiya ilire, ndipo ndinadikira.